Galimoto Yosamwa Madzi

A Radivoje atangoyendetsa galimoto kufika pageti la nyumba yawo, nthunzi inayamba kufuka kuboneti ngati ketulo yoiwalika pamoto. Anazimitsa injini. Pampando wa pambali panali alamu awo a Koviljka, mng'ono wake wa malemu mkazi wawo Stanika, atafungatira mbale ya tirigu wophika wothira shuga, chakudya chokumbukira akufa.

"Tafika kale kumanda, alamu?" anafunsa a Koviljka. "Kapena nayonso ikufuna wansembe wakewake?"

Linali tsiku la makumi anayi chimwalirireni mkazi wawo, tsiku limene mzimu umatsazika pakhomo n'kupitiratu. Wansembe adanenetsa kuti dzuwa likafika paliwombo iye achoka pamandapo, ali ndi ubatizo kwina. Mandawo ali kuseri kwa phiri, kwawo kwa Stanika, ndipo basi idaleka kalekale kudutsa kuno.

Tsono galimotoyi ndiyo inali nyimbo ya a Radivoje. Paukwati, pamowa, ngakhale pamaliro a eni, nkhani yawo inali imodzi: zaka makumi awiri ndi zitatu, galimoto yanga sinamwepo madzi ngakhale kapu imodzi!

Injini itazizira, anayala thumba pansi n'kukwawira kunsi ndi suti yawo yakuda yomwe. Madzi obiriwira ankangoti tho, tho, tho pafumbi. Anapapasa mapaipi onse, ouma. Koma pangodya ya rediyeta chala chawo chinakhudza zoyera zoundana ngati mchere, zochindikala kuposa chikhadabo.

"Bala ili si la lero," anatero ali pansi pomwepo. "Ili lakhala zaka."

"Zisanu ndi zinayi," anayankha a Koviljka.

Mutu wa a Radivoje unatulukira pafupi ndi tayala. "Mwati bwanji?"

"Inu mumayesa nkhuku zisanu zimamwa ketulo yathunthu m'mawa uliwonse? Achemwali ankayamba athirira ngamila yanuyi, inu mukuliza mkonono. Nyengo yachisanu ankathira mankhwala obiriwirawo, oletsa madzi kuundana. Ali m'mabotolo a kachasu wa rakiya, kuseri kwa mbiya ya kabichi. Mwayi wanu simuba mowa wa pamenepo, bwenzi lero tirigu tikuphikira inu."

"Osandiuza bwanji?"

"Ndidawafunsa. Akuti mwamuna wosadziwa kuvina, wosadziwa kuimba, dazi mpaka m'khosi, musiyireni kanthu kamodzi koti azinyadira."

A Radivoje anabwezera mutu kunsi kwa galimoto, ndipo anakhalitsako kuposa mmene ntchitoyo imafunira. Chitsime chimadziwika kuya chikaphwa.

Makaniko ali kutauni, ndipo dzuwa silidikira munthu wolira. A Koviljka analowa m'nyumba, n'kubwera ndi mabotolo awiri ndi kachitini.

"Tsabola wofiira wosinja. Mukathira m'rediyeta, amakakhala pabowopo n'kufufuma. Malemu amuna anga adayendera yemweyu mpaka kumzinda wa Niš."

A Radivoje anakazindikira kachitiniko. Tsabolayo adalima Stanika, kuyanika pakhonde, kusinja yekha chaka chatha akutsokomola kale. Panatsala supuni zitatu. Masiku onsewa iwo ankadya nyemba zosakoleretsa, kachitiniko n'kumangokatsegula, kununkhiza, kutsekanso.

"Ameneyo ayi, alamu. Pezani wina."

"Wina ali kuti? Mazira nawonso amatseka bowo, koma mudamaliza, nkhuku zidanyanyala kuikira."

"Akatha ameneyu, m'nyumba muno mutsala chiyani cha manja ake?"

A Koviljka sanaseke ulendo uno. "Ndiye musunge tsabola, mwini wake anyamuke wopanda womutsazika. Aziyang'ana kumsewu, ngati mmene ankachitira mukachedwa kumowa."

A Radivoje anayang'ana kachitini kaja m'manja mwawo. Kenaka anatsegula chivindikiro cha rediyeta, kukhuthula mabotolo aja, n'kutsanulira tsabola yense, mpaka kugogoda kunsi kwa chitini. Analiza injini. Onse awiri anagwada n'kumasuzumira. Tho. Tho. Patapita nthawi, tho. Kenaka zii.

"Yakhuta," anatero a Koviljka. "Tiyeni, tirigu angamere."

Anakwera phirilo pang'onopang'ono, maso a a Radivoje ali pa kasingano ka kutentha. Sikanasunthe. Atafika pamwamba, a Koviljka anadandaula kuti mapazi achita dzanzi, n'kutsegula mpweya wofunda. Mpweyawo unabwera ndi fungo la tsabola wokazingika, n'kudzaza galimoto yonse ngati khitchini tsiku la Sabata.

A Koviljka anangokumbatira mbale ija n'kuyang'ana kumbali. 

Kumunsi, pakati pa mitanda, mkanjo wakuda wa wansembe unali ukadaima. A Radivoje anakweza galasi la zenera mpaka kumapeto, kuti fungolo lisatuluke.