Kanema wa Ukwati wa Tithokoze

Raymond ankajambula maukwati ku Chamama, m'kachipinda kogundizana ndi golosale ya a Osman. Disiki ya laputopu yake itayamba kulira kuti tche tche, anakagula ina ku boma, nakoperamo zonse: pulogalamu yoyendetsa kompyuta pamodzi ndi makanema a anthu. Lolemba m'mawa anachotsa yakaleyo, nayatsa makinawo. Sikirini inangoda bii, kamuvi kokha kakuyandama pakati.

Anazimitsa, nayatsanso. Chimodzimodzi. Anabwezera disiki yakale ija, koma inalira pang'ono n'kukhala chete osadzukanso.

Raymond akupukuta thukuta, analowa Tithokoze, mtsikana amene anamujambula ukwati Loweruka lapitalo. Mayi ake, a Agnesi, sanaonerere ukwatiwo chifukwa anali gone kuchipatala cha ku boma.

"Achimwene, kanema uja ndimutenge lero. Adokotala atiuza kuti tiitane abale."

Raymond anangomutembenuzira laputopuyo.

"Zafufutika?"

"Sindikudziwa."

Tithokoze anakhala pansi pa simenti, chitenje kukamwa. "Dzulo usiku amayi amangofunsa kuti diresi inandikwana kodi. Ndawalonjeza, achimwene."

Raymond anaimbira a Hasina, mayi wokonza makompyuta ku boma amene anamugulitsa disikiyo. Atamva nkhani yonse, anafunsa ngati anayatsako makinawo madisiki onse awiri ali olumikiza. Anavomera.

"Ndiye vuto ndi zilembo," anatero a Hasina. "Kompyuta imatchula gawo lililonse la disiki ndi chilembo, ndipo pulogalamu yake imadziwa kuti kwawo ndi pa C. Koma C linatsala dzina la disiki yakale, yatsopanoyo inapatsidwa lina. Panopa ikufunafuna kwawo osakupeza. Fulashi yoikira pulogalamu ija muli nayo? Yatsirani pamenepo."

Anamutsogolera pang'onopang'ono, foni ikudukaduka, mpaka anafika pomwe kompyuta imasungira mayina a madisiki.

"Fufutani onsewo."

Chala cha Raymond chinaima m'mwamba. "Ndikafufuta, ukwati wa eni ake supita nawo?"

"Ndi mayina okha amenewo, katundu sakhudzidwa. Ikayaka itchulanso yokha."

Foni ya Tithokoze inalira. Anali mlongo wake, akufunsa ngati wanyamuka. Raymond anatsinzina, nadina.

Laputopu inazima, n'kuyaka, ndipo chithunzi cha munda wa fodya chimene ankachiona tsiku lililonse chinatulukira. Anatsegula msanga pulogalamu yolumikizira makanema. Pomwe panayenera kukhala ukwati panali timabokosi tofiira tokhatokha.

"Mayo ine!" analira Tithokoze.

"A Hasina, kulibe! Kanema yense kulibe!"

"Musakuwe. Makanema munkasunga pa chilembo chanji?"

"Pa D."

"Panopa gawolo likutchedwa chiyani?"

Anayang'ana. Linali E. Analisintha kukhala D monga anamuuzira, natsegulanso. Timabokosi tija tinasanduka nkhope za anthu, mmodzimmodzi.

Nthawi yodula ndi kuikamo nyimbo panalibe. Raymond anakulunga laputopuyo m'jekete, ndipo onse awiri anakwera njinga yamoto imodzi. Msewu unali wodzaza ndi mathirakitala ndi malole a mabelo a fodya, fumbi kobo, ndipo Tithokoze ankangomenya phewa la woyendetsa kuti apitirire.

Anawapeza a Agnesi akupuma movutika, maso ali gwa kudenga. Raymond anagwada pambali pa bedi atanyamula laputopuyo m'manja. Kanemayo anali wosakonza, wogwedera, mphepo ikuwomba m'maikolofoni. Mayiwo anaonerera osaphethira mwana wawo akulowa m'tchalitchi.

"Yatalika pang'ono," ananong'ona. "Koma yakukhala."

Atafika pomwe alongo awo a Tsoka anaterereka akuvina, milomo ya a Agnesi inagwedera ngati akufuna kuseka.

"Bwezerani pamenepo, bambo."

Raymond anabwezera. Manja anali atachita dzanzi, koma sanaitsitse mpaka batire linatha. A Agnesi anamwalira Lachitatu masana.