Dandaulo Langa kwa a Meja Tredgold

Funsani woyendetsa sitima yapamadzi aliyense kuyambira ku Melbourne mpaka ku Levuka kuti mabisiketi osachita nkhungu amagulidwa kwa yani, akuuzani kuti kwa Barnabas Quill. Ndine amene. Mauvuni ndili nawo khumi ndi anayi. Ndadyapo ndi mafumu a ku Tonga, ndavinapo ku Valparaiso mpaka nsapato kutha zidendene. Koma pamene ndinkalowa m'ndende mu 1868, chifukwa cha hatchi ya eni imene inangonditsatira yokha kuchokera ku Ballarat, sindinkadziwa n'komwe kuti buledi amathira mchere.

Mkulu wa ndendeyo anali a Meja Tredgold, munthu wowonda, wa ndevu zoyera, amene anamenya nkhondo ku Crimea ndi ku India. Ankatsimphina chifukwa zala za phazi limodzi zinaduka ndi chisanu. Kuchokera ku usilikali anabweretsa chizolowezi chimodzi: masana aliwonse, ife tikudya, ankayenda pakati pa matebulo n'kufunsa kuti, "Pali dandaulo?" Akaidi mazana awiri ankayankhira pamodzi kuti, "Palibe, bwana!" Ine sanandiuze kuti limenelo si funso loyankha zoona.

Tsiku langa lachitatu a Meja atafunsa, ndinaimirira.

"Lilipo, bwana. Buledi uyu."

Masipuni onse anaima. Mullane, msilikali wa ndende amene ankayenda pambuyo pawo, anafiira khosi.

"Khala pansi, wakuba mahatchi iwe! Ukuyesa uli pahotela ya amako?"

"Musiyeni," anatero a Meja. "Watani bulediyo?"

"Bwana, mukadakhala naye ku Crimea, mukadamuika mu mzinga n'kuombera adani, nkhondo n'kuthera pomwepo."

Wina kumbuyo anaseka, n'kusandutsa chifuwa. A Meja ananyema buledi wanga ndi mavuto, anatafuna nthawi yaitali.

"Iwe ungaphike woposa uyu?"

Pakamwa panga pamathamanga kusiya mutu m'mbuyo. "Ine, bwana? Ndinabadwira mu ufa! Bambo anga ankaphikira mabishopu."

Bambo anga ankakonza mipanda.

"Chabwino," anatero a Meja. "Uvuni ndi wako masiku asanu ndi awiri. Lolemba ndidzalawa. Ukakhala kuti wandinamiza, zikwapu makumi awiri ndi zisanu."

Ndinali nditaona kale msana wa munthu wokwapulidwa ndi chikwapu cha m'ndendemo, cha zingwe zisanu ndi zinayi. Sindinkafuna msana wanga uoneke choncho.

Mkaidi amene ankaphika kale anamuchotsa kuti akaswe miyala, ndiye ganizani ngati akadandiuzako kanthu. Ndinalimbana ndekha. Tsiku loyamba mtanda unandimata mpaka m'zigongono. Lachiwiri ndinathira chotupitsa chonse, mtanda unatuluka m'beseni n'kuyamba ulendo wa kukhomo. Akaidi anzanga ankadya zimenezo, ndipo ndikamadutsa ankandilonjera bwino.

"Mwana wa mabishopu uyo! Lero watiphikira njerwa kapena phala?"

"Ine ndakusungira mafuta a msana, achimwene!"

Mullane ankabwera m'mawa uliwonse kudzangonunkhiza, n'kumwetulira. "Chikwapu ndachiviika kale m'madzi a mchere, Quill. Usadandaule, mchere umenewo sindiiwala ngati iwe."

Lolemba linafika. Buledi wanga anatuluka wakuda kunja, wamadzi m'kati, wolemera ngati nangula. Ndinamuika patebulo pamaso pa a Meja, akaidi onse akuyang'ana. Anadula ndi mpeni wawo, analuma, anameza. Sanasinthe nkhope.

"Bambo ako ankaphikira mabishopu ati?"

Ndinangoulula. "Ankakonza mipanda, bwana. Uvuni ndauona koyamba Lolemba lapitali."

"Ndinadziwa tsiku lomwelo. Wophika buledi sakhala ndi manja okhakhala ndi zingwe za hatchi."

Mullane anali atandigwira kale pakolala. "Ndipite naye kubwalo, bwana?"

A Meja anatembenuza chidutswacho m'manja. Kenaka analankhula motsitsa, koma tonse tinamva.

"Funso limeneli ndalifunsa zaka makumi awiri ndi ziwiri. Ku Sevastopol, ku Crimea kuja, anyamata anga ankadya mabisiketi a mphutsi ndi nyama yosapsa, chifukwa nkhuni kunalibe. Ndikafunsa ankati palibe dandaulo. Ine ndinkakhulupirira, poti kukhulupirira kunali kosavuta. Ambiri anafa, koma osati ndi chipolopolo." Anandiyang'ana. "Ndiwe woyamba kundiyankha. Ndikakukwapula, sipadzapezeka wachiwiri."

"Koma wanama, bwana!" anatero Mullane.

"Wanamadi, ndipo alangidwa. Msiye kolalayo. Quill, ukhala ku uvuni komweko. Wophika wakale uja abwerere akuphunzitse. M'mawa uliwonse buledi woyamba kutuluka uzidya wekha, wathunthu, ine ndikuona, mpaka tsiku limene adzakhale chakudya cha anthu. Yamba ndi uyu."

Ndayendapo panyanja ya mafunde otalika ngati tchalitchi, koma sindinaonepo chinthu choopsa ngati buledi uja. Komabe msana wanga unali wanga. Ndinakhala pansi n'kutambasula dzanja.

A Meja anakoka benchi, anakhala moyang'anana nane, n'kudula bulediyo pakati.

"Theka ndi langa," anatero. "Ndine ndinakuika kumeneko ndikudziwa kuti ukunama, ndipo anthu mazana awiri adya zimenezi sabata yonse chifukwa cha ine."

Tinadya tili awiri, iwo ndi ine, miyezi inayi. Ankafika nthawi yake, atamanga mabatani onse, osadandaula ngakhale kamodzi. M'mawa wina wa mwezi wachisanu analuma, anatafuna, analumanso. Atamaliza theka lawo anatambasula dzanja n'kutenganso langa.