Mphodza za M'kansalu

Tofazzal adayamba ndi kuiwala patapata. Tsiku lina adafika m'kalasi atavala imodzi yokha, ndipo sadazindikire mpaka Polash, mnzake wogona naye chipinda chimodzi ku hositelo, atamulozera kuphazi. Kenako adasiya kuseka. Mabuku ankatsegula ndithu, koma mawu ankangoyandama ngati mankhusu pamadzi. Ankakhala pabedi n'kumayang'ana khoma, mtima utalemera ngati thumba la mpunga lonyowa, osadziwa chimene chaulemetsa.

Polash ndiye adamukokera kuchipatala cha payunivesitepo. Kumeneko kunali Dokotala Ferdousi, mayi wofatsa amene ankasunga duwa limodzi lofota pawindo. Adamumvetsera mpaka adatha mawu.

"Mwanawe, mutu umadya zimene mimba yadya," adatero mayiwo. "Ukalembe chilichonse chimene ukudya kwa sabata imodzi. Vuto likakhala m'mbale, tikonza mbaleyo. Likapanda kukhala m'mbale, ndikulembera kalata ukapume kumudzi chaka chino."

Mawu oti kumudzi adamuopsa. Mayeso omaliza anali atatsala miyezi iwiri. Kwawo ku Kurigram bambo ake anali atauza kale aliyense, mpaka wopalasa bwato padooko, kuti mwana wawo adzakhala woweruza milandu. Ngakhale azakhali ake ankamuitana kuti Ajaji. Akanatsika bwanji basi ndi sutikesi pamutu, mpunga usanache n'komwe?

Adalemba mokhulupirika, popeza sanali munthu wabodza. Masana: mpunga, msuzi wa mphodza, nsomba. Madzulo: mpunga, msuzi wa mphodza, nsomba. Sabata itatha adapereka pepalalo.

"Mphodza kawiri patsiku, nsomba kawiri patsiku," adawerenga Dokotala Ferdousi. "Iwe ukudya bwino kuposa ine. Vuto silili m'mbale. Lachinayi udzatenge kalata yako."

"Koma Adokotala, msuziwo..."

"Si wa mphodza?"

"Dzina lake ndi limenelo."

"Basitu."

Polash atamva adaseka mpaka kutsokomola. "Ajaji, ndiwe mbuzi. Adakuuza kuti ulembe chakudya, iwe wakalemba mayina a chakudya. Waiwala kuti tsiku loyamba udasamba m'manja mumsuzi womwewo?"

Zinali zoona. Msuziwo unkabwera m'mabeseni akuluakulu, ndipo chaka chilichonse ophunzira atsopano ankasambamo m'manja, akale n'kumangoyang'ana osawaletsa, chifukwa kukoma kwake sikunkasintha.

Tofazzal adabwereka sefa ya tiyi, nasefa zipande zisanu ndi ziwiri za msuziwo. Sefa idatuluka yoyera kuposa mmene idalowera. Adakhala nayo m'manja nthawi yaitali. Umboni anali ataupeza, koma chinthu chimene palibe suchinyamula kukaonetsa munthu. Ndiye adazungulira kuseri, kukhitchini.

Wophika wamkulu anali Jobbar, bambo wa ndevu zoyera amene adatha zaka makumi atatu pa mphika womwewo. Ophunzira onse ankamutcha malume.

"Malume, ndifunse nawo. Mumsuzi muja mphodza zimalowamo?"

Jobbar adaika chipande pansi. "Mphwanga, wabwera kudzandinyoza pa ntchito yanga? Zimalowamo tsiku lililonse. Bwera uone."

Pamsomali, pafupi ndi chitseko, panali kansalu kakuda komangidwa ngati chibakera, kolendewera pa chingwe. Jobbar adakatsitsa mwaulemu, nakaviika mumphika wa madzi owira, milomo ikuyenda.

"Ndimawerenga mpaka teni. Lachisanu, popeza ndi tsiku lopemphera, ndimafika twente." Adakavuula, nakakoloweka pamsomali kuti kaume. Kenako adawaza chikasu ndi mchere. "Wazionatu zikulowa."

"Ndazionanso zikutuluka, malume."

"Nanga mawa tiphika chiyani zikatsalira momwemo?"

"Kodi mphodza zina kulibe?"

"Zilipo. Matumba ali mbwee m'chipinda umo, amabwera mwezi uliwonse. Koma ine kansaluka ndidakapeza pamsomali pomwepa. Amene adandiphunzitsa ntchito ankaviika, ndipo palibe adandilemberapo pepala loti ndimasule."

Tofazzal adapempha kuti akabwereke kwa ola limodzi lokha. Jobbar adakana, nati ndi katundu wa sukulu, sangatuluke pageti. Chimene adalola ndi kumudzazira msuziwo m'botolo la madzi akumwa.

Lachinayi kudatentha. Tofazzal adalowa mu ofesi, naika botolo patebulo. Panjira anali atakonza mawu ambiri, koma atakhala pampando onse adamira. Lilime lidalemera monga linkachitira masiku amenewo, ndipo adangoyang'ana cholembera cha dokotala chikuyenda pa kalata yomutumiza kwawo. Adaona m'maganizo bambo ake ataima padooko, akusowa poyang'ana.

Cholembera chija chidadontha inki. Dokotala Ferdousi adayang'ana zala zawo, nayang'ana botolo.

"Wachita bwino kubwera ndi madzi, pampopi pauma chim'mawa." Adapita pawindo, natsukira zala pamwamba pa duwa, otsalawo nathirira duwalo. "Koma madzi a m'mipope ya kuno afika pofiirira chonchi? Musamamwe osawiritsa."

"Adokotala," adatero Tofazzal, mawu akutuluka movutikira, "chimenecho chinali chakudya changa chamasana."

Mayiwo adaima chilili. Adanunkhiza zala. Adagwedeza botolo, nadonthezera kotsalako palilime, nadikira kuti mwina kanthu kafika. Sikadafike.

"Mphodza zija za kawiri patsiku ndi zimenezi?"

"Ndi zomwezo."

"Nanga nsomba?"

Tofazzal adatsegula buku lake la malamulo. Nsomba ya dzulo lake anali ataiika pa tsamba limene adalekezera kuwerenga. Dokotala Ferdousi adawerama, nawerenga mizere itatu yonse kudzera mu nsombayo, osaisuntha.

Adabwerera pampando, nang'amba kalata ija pakati. Kenako adatenga mapepala awiri.

"Ili ndi lako. Dzira, masamba, nthochi, chilichonse chimene chili ndi thupi. Ndipo Lachiwiri lililonse uzibwera tidzacheze, chifukwa mbale yokha siichotsa zonse zimene zakulemera. Ukapanda kubwera ndikutumizira mnzako uja. Kumudzi upita ukalemba mayeso."

Pepala lachiwiri, lopita kwa Jobbar, adalembapo mawu awiri okha, Tofazzal atawafotokozera za pamsomali, nadindapo chidindo.

Jobbar adaliwerenga kawiri, nalitembenuza kuti aone kuseri. *Kansalu kamasulidwe.* Adasamba m'manja, navala chipewa chake chopempherera, namasula mfundo ndi mano popeza zala zidalephera. M'katimo munali timiyala totuwa, tosadziwika mtundu. Adatiyang'ana ngati munthu amene wakumana ndi mbale wake atakalamba. Kenako adakoka thumba limodzi m'chipinda muja, nalikhuthulira lonse mumphika, chifukwa muyeso sankaudziwa.

Madzulo amenewo chipande chidaima chokha m'beseni. Ophunzira adazungulira, palibe wofuna kuyamba.

"Malume, mumphika mwagwera chiyani?"

"Ndi simenti imeneyi. Akufuna atimange m'mimba tisamadandaule."

"Mphodza zimenezo," adatero Jobbar, koma naye mawu ake anali okayika.

"Mphodza timazidziwa, malume, tadya zaka zinayi. Sizioneka chonchi."

Wina adakwera pabenchi n'kuyamba kulankhula za ufulu wa ophunzira. Posakhalitsa theka la hositelo linali panja, likuguba kupita ku ofesi ya woyang'anira, likuimba kuti msuzi wakale ubwerere. Wophunzira wina watsopano ankangozungulira matebulo manja ali m'mwamba, kusowa posamba.

Tofazzal adakhala pakona, nathira msuziwo pa mpunga. Sudathawire pansi pa mbale monga mwa masiku onse. Udakhala pomwe adauika. Adadya pang'onopang'ono, ndipo pakati pa mbale adakumbukira kuti amayi ake amaphika chonchi, amangowonjeza adyo wokazinga. Misozi idabwera yokha, iye osasiya kudya. Polash, amene adatsalira kuti aone ngati mnzakeyo afe, adadikira pang'ono, kenako adakoka mbale nayenso.

Thumba la mumtima lija silidachoke tsiku limenelo. M'mawa mwake linalipobe, kungoti linkanyamulika. Tofazzal adafika m'kalasi nthawi yabwino, mapazi onse awiri atavala patapata. Imodzi inali ya Polash.