Kiyibodi Imodzi, Mipando Iwiri

Tsiku limene gulu la olemba mapulogalamu a kompyuta linagawikana, Magalasi anangokhala pa desiki yake n'kumayang'ana anthu akutuluka m'gulumo pa intaneti mmodzimmodzi. Chilankhulo cha kompyuta chimene anachilera kwa zaka khumi ndi ziwiri chinali chitang'ambika pakati, ndipo wotsogolera mbali inayo anali Wamanzere, mayi amene anali mnzake wapamtima. Mtima unkamupweteka, koma kunyada kunkamuletsa kugonja.

Kale sizinali choncho. Zonse zinayambira m'kachipinda ka pamwamba pa shopu ya telala, mmene Aphunzitsi awo a kukoleji anayambitsa chilankhulo chophweka choti ana asukulu aziphunzirira kulemba mapulogalamu. Analipo anthu asanu ndi mmodzi, fani yakufa, ndi kompyuta imodzi yokha yodalirika. Loweruka lililonse ankakangana mpaka telala kumagogoda denga ndi mtengo wa tsache. Koma panali lamulo: awiri akasiyana maganizo, ankakhala pa kiyibodi imodziyo, wotsutsa n'kumalemba ndi zala zake maganizo a mnzakeyo, mwiniwake akumuuza. Akatha ankasinthana. Magalasi ankadana nalo lamuloli, chifukwa Wamanzere ankasamutsira mausi kumanzere, n'kumafa ndi chiseko poona dzanja la mnzake likupapasa pathebulo.

Chilankhulo chinakula, anthu anafika mazanamazana, ambiri osaonanapo nkhope. Kachipinda kaja anakasiya, zokambirana zonse zinapita pa intaneti, ndipo lamulo lija linafa popanda wolilira. Kenako kunabuka mkangano. Ena ankafuna kalembedwe katsopano koti mapulogalamu azithamanga, pomwe aphunzitsi a m'masukulu ankadandaula kuti zonse zimene anakonzera ana zisiya kugwira ntchito. Magalasi anali wa zatsopano. Wamanzere ankateteza gawo lakale, limene analilemba yekha kwa zaka zitatu, osalipidwa, mwana ali kumsana.

"Mukamamvera aliyense simusuntha," mnzake wina wa kuofesi anamuuza Magalasi. "Ingofufutani basi, adzazolowera."

Magalasi anafufutadi gawo lonselo, ndipo pamalo owerenga aliyense analemba mawu awiri okha: "Zachikale, zachotsedwa." Wamanzere sanayankhe, koma ena anamuyankhira, ndipo sanasankhe mawu. Pakutha pa mwezi anthu anali ataiwala za mapulogalamu, akungokumbana mitundu. Masukulu ena, posadziwa mbali yotsatira, anangochisiya chilankhulocho.

Magalasi anapita kwa Aphunzitsi, amene tsopano anali atapuma pantchito. Anawapeza pakhonde akumasula wailesi yakale, ndipo anawalongosolera kwa nthawi yaitali kuti njira yake ndiyo inali yolondola.

"Mwina ndi yolondoladi," anatero Aphunzitsi osadzutsa mutu. "Koma tandiuza, maganizo a mnzakoyo unawalembapo ndi zala zako?"

Kenako Aphunzitsi anapitiriza:

"Mwana wanga, m'magulu ngati athuwa anthu sakangana chifukwa chodana. Onse amachikonda chinthucho, wina akuopa kuti chikalamba, wina akuopa kuti chiwonongeka. Ndiponso munthu wogwira ntchito yaulere, malipiro ake ndi ulemu. Iwe unaona mizere ya pulogalamu, iye anaona zaka zitatu za moyo wake. Ukanakhala naye pa kiyibodi imodzi, mawu awiri ajawo sukanawalankhula."

Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kiyibodi ija, yafumbi, zilembo zake zitafufutika ndi zala za anthu asanu ndi mmodzi. Magalasi ataigwira, anamva ngati telala akugogodanso denga, ndipo misozi inalengeza.

Mawa lake masana anagogoda pa ofesi ya Wamanzere. Mayiyo anamuyang'ana ngati mlendo wosochera, kenako maso ake anatsikira pa chimene chinali kukhwapa kwa mnzakeyo. Magalasi sanabwere ndi mfundo. Anapepesa, n'kuvomera kuti anafufuta ntchito ya mnzake ngati akusesa zinyalala.

"Amene anapita sabwerera onse, ukudziwa?" anatero Wamanzere.

"Ndikudziwa. Ndabwerera iwe. Uzindiuza, ine ndizilemba."

Wamanzere anakoka mpando wachiwiri, nalumikiza kiyibodiyo, ndipo mosafulumira anasamutsira mausi kumanzere. Dzanja la Magalasi linapapasa pathebulo monga kale, koma ulendo uno sanadandaule.

Phunziro: Mikangano ya m'magulu a anthu opanga zinthu limodzi imakula pamene tayamba kuona ntchito yokha n'kuiwala munthu amene anaigwira. Musanafufute za mnzanu, khalani naye pansi, mumvetse maganizo ake mpaka mutha kuwafotokoza ngati anu.