Zimene Zinali M'mimba mwa Lusungu

Moni kwa inu amene mwatsegula tsamba lino. Ndiyamba ndi kuthokoza Mulungu amene watisunga ndi moyo, inu ndi ine, mpaka kutikumanitsa pano. Nkhani ndili nayo ndi ya ng'ombe imodzi ya ku Lupaso.

A Gideon Mhango ankasamalira kapinga pa paki ina ya ana kufupi ndi Msongwe. Pakiyo inatsegulidwa m'zaka zimene Mzuzu anayamba kufutukuka, nyumba zikumera pamene kale panali tchire, yunivesite ikukoka anthu kuchokera kutali. Munali akatungwe, kasitima kozungulira pa njanji yake, ndi chinyumba chopopa mpweya chimene ana ankadumphamo mpaka kutuluka thukuta ngakhale kukuzizira. Loweruka ndi Lamlungu masana pankadzaza. Lolemba m'mawa a Mhango ankatola mabotolo ndi mapepala, kenako n'kuliza makina otchetchera.

Udzu wotchetchawo sankautaya. Ankaulonga m'matumba, kumanga panjinga, ulendo wa ku Lupaso kukadyetsa Lusungu, ng'ombe yawo ya mkaka. Kapinga wa pakiyo ankathiriridwa chaka chonse, choncho mu Seputembala, anzawo akuzunzika kufuna udzu m'madambo, iwo ankafika ndi wobiriwira, akung'ung'udza nyimbo ya chiyamiko. Pa umboni kutchalitchi ananenapo kawiri konse kuti Mulungu anawapatsa ntchito ndi msipu pamalo amodzi.

Lusungu sanachite kumugula. Anawapatsa ndi a gulu la alimi a mkaka, ndipo lamulo la gululo linali lodziwika: thole loyamba lalikazi limapita kwa banja lotsatira pamzere. Lusungu anabereka kawiri, konse matole amphongo. Wotsatira pamzere anali Hilda NyaGondwe, mayi wamasiye wa ana atatu, woimba nawo kwaya. Anadikira zaka zinayi. Khola anamanga kale, lofolera bwino, nsenjere anabzala kuseri kwa nyumba, ndipo m'mawa uliwonse ankasesa m'khola lopanda kanthulo. Tsopano Lusungu anali ndi bere lachitatu.

Mwezi wa Malichi eni paki anakhoma chikalata pageti. Chinkanena kuti pofika kumapeto kwa Juni, timapaipi tapulasitiki tomwera zakumwa tisadzaonekenso mkati mwa mpanda. Ogulitsa onse apeze makapu otsuka.

Mmodzi mwa ogulitsawo anali Marjorie NyaChirwa, mkazi wa a Mhango. Ankagulitsa juwisi wa malambe ndi wa chinanazi cha ku Nkhata Bay. Timapaipi take tinali tosiyana ndi ta anzake: ta mizere yobiriwira ndi yoyera, topindika pakhosi. Ana ankalimbirana timeneto kuposa juwisi weniweniyo. Chimene chinamuwawa kwambiri NyaChirwa n'chakuti amene anakanyengerera eni paki anali ophunzira a ku yunivesite, ndipo pakati pawo panali mwana wake woyamba, Wiza.

"Tinakutumiza kusukulu kuti ukaphunzire kuwerenga zinyalala?" anamufunsa Wiza atabwera kunyumba Loweruka lina. "Anzako akuphunzira unamwino, iwe uli gwa m'ngalande ndi magolovesi."

"Amama, tinatola timapaipi zikwi zitatu tsiku limodzi, pa paki yomweyo. Sitiwola. Inu mudzakalamba, ine ndidzakalamba, ito tili chikhalire."

"Chabwino, professor. Makapuwo uzibwera kudzatsuka ndiwe. Mwana wa bwana amwere pakapu pamene wamwera mnzake wa chimfine? Adada ake Wiza, muuzeni mwana wanuyu."

A Mhango anali kusakaniza madeya mu ndowa. Anaseka.

"Ine zanu sindilowamo, NyaChirwa. Mapulasitiki amapha mbuzi zoyendayenda kumsika. Lusungu wanga chibwerereni sanapondepo kunja kwa khola. Chilichonse chimene amadya chimadutsa m'manja mwangamu."

Anatambasula manjawo kuti onse awaone.

Mu Epulo Lusungu anayamba kusiya chakudya. Ankanunkhiza udzu, kudya pang'ono, n'kutembenuka. Mkaka anali atasiya kale kumukama chifukwa cha bere, choncho panalibe chowadzidzimutsa msanga. Mu Meyi nthiti zinayamba kuwerengeka, koma mimba ikukulabe, ndipo aliyense ankati ndi thole likukula. Anamumwetsa mankhwala a njoka za m'mimba. Anamugulira mchere wonyambita. A Mhango anawonjezera ulendo wa Lachinayi kuti udzu uzifika wanthete. NyaGondwe ankadutsa akuchokera kukwaya, kuima pa mpanda wa khola, n'kuyang'ana mimbayo.

Pakati pa Juni Lusungu anagona pansi osadzukanso. Atagona choncho masiku awiri, m'mawa wotsatira, kuli chifunga ndi mvula yowaza ija ya ku Mzuzu, a Timothy Kaunda, dokotala wa ziweto, anafika pa njinga yamoto. Wiza anali pakhomo chifukwa linali Loweruka. NyaChirwa anali atalonga kale mabotolo ake kuti apite kupaki, koma anawatula pakhonde. NyaGondwe naye anabwera, atafunda chitenje kumutu.

A Kaunda anagwada, nakankha ndi chibakera kumanzere kwa mimba. Anakankhanso. Nkhope yawo inasintha.

"Apa payenera kufewa ngati mtanda wa mandasi. Tagwirani nokha."

A Mhango anagwira. Panali polimba ngati thumba la simenti lonyowa.

"Ng'ombeyi imadya kuti?"

"Pano. Siyenda, adokotala."

"Anasiya liti kubzikula?"

A Mhango anaganiza, koma sanathe kukumbukira tsiku lomaliza limene anamuona akutafuna atagona.

A Kaunda anamvetsera mtima nthawi yaitali, kenako anaimirira n'kupukuta mawondo.

"A Mhango, ndisakunamizeni. Lusungu watha. Ngakhale nditamung'amba kuti ndichotse chimene chatseka m'chifumo, sadzuka, mphamvu alibe. Akhoza kufika mawa, akhoza osafika. Koma thole lili moyo, ndalimva likugunda. Kwatsala masabata awiri okha kuti libadwe. Ndikalitulutsa lero, mwina lipulumuka. Mukadikira, mukwirira onse awiri."

"Ndiye kuti Lusungu afe lero, ine nditavomera?"

"Inde."

A Mhango anayang'ana ng'ombe yawo, imene inkadziwa kulira kwa belu la njinga yawo. Anayang'ana NyaGondwe. Mayiyo anagwetsa maso.

"Musaganize za ine, a Mhango," anatero motsitsa. "Ine ndazolowera kudikira."

"Tiyeni tipemphere kaye," anatero a Mhango.

Anavula chipewa. Pemphero lawo linali lalifupi, ndipo pakati mawu anawathawa, mpaka NyaChirwa anamalizitsa. Atati ameni, anauza adokotala kuti ayambe.

Sindifotokoza zonse zimene zinachitika m'kholamo. Patapita nthawi a Kaunda anasolola kanthu konyowa, ka miyendo yaitali, kosapuma. Anakapukuta kumphuno, kukatikita ndi chiguduli mwamphamvu, kukazondotsa. Kanayetsemula. A Kaunda anakweza mwendo wakumbuyo n'kuyang'ana.

"Lalikazi."

NyaGondwe anakhala pansi m'matope momwemo, atagwira pakamwa. Anavula chitenje chake n'kufunditsa tholelo.

Lusungu anali atatsirizika. A Kaunda anati sachoka asanaone chimene chinamupha, ndipo anaitanitsa beseni. NyaChirwa anabweretsa lochapira zovala. Adokotala anatsegula chifu, napisa manja onse awiri, nakoka. Chinatuluka chinthu chakuda, chopotana, chachikulu kuposa dzungu, ndipo chitagwera m'beseni chinalira ngati mwala. Anapisanso. Beseni linadzaza, anabweretsa ndowa ya madeya ija, nayonso inafika pakati.

Wiza anatunga madzi n'kuthira pamwamba. Zakudazo zitayamba kutsukika, mitundu inaoneka: yofiira, yachikasu, yabuluu. Munali tizidutswa ta majumbo ndi ta mapepala a masiwiti, koma zochuluka zinali timapaipi tomwera, tolukana ndi udzu ngati chisa.

A Mhango anabwerera m'mbuyo mpaka anagunda mzati.

"Uyu ndi mdani," anatero. "Pali munthu amene wakhala akuponya zimenezi m'khola mwanga ife tili kutchalitchi. Ndamulakwira chiyani? NyaChirwa, ndani amene tinayambana naye?"

Wiza anagwada pa beseni, natola kachidutswa kamodzi, kenako kachiwiri, kachitatu. Anatiyala pachikhatho. Tonse tinali tatifupi ngati chala chaching'ono kapena kucheperapo, tong'ambika kumapeto mofanana.

"Adada," anatero, "munthu wanjiru sangakhale pansi kudula zikwizikwi chonchi. Taonani m'mene tadukira. Awa ndi makina."

"Makina ati?"

Wiza anayang'ana pakona pa khola. Misozi inali itayamba kutsika.

A Mhango anatembenuka pang'onopang'ono. Pakona pa khola panali thumba la udzu wa Lachinayi, limene Lusungu analephera kudya. Anapita, kulimasula, kulikhuthula pansi. Anagwada n'kuyamba kufwanthula udzuwo ndi zala. Poyamba sanaone kanthu. Kenako anaona kofiira. Kenako kena, kobiriwira, kofanana ndi udzu womwewo moti ukanatha kukayang'ana kakhumi osakazindikira. Pa dzanja limodzi lokha la udzu anatolamo tisanu ndi tiwiri.

Mabotolo ankatola. Mapepala akuluakulu ankatola. Koma timapaipi tinkalowa pansi pa kapinga, ana n'kutipondereza podumpha, makina n'kudzatidula pamodzi ndi udzu.

"Zaka zitatu," anatero a Mhango. "Lolemba lililonse. Ndinkachita kuimba panjira."

Anayang'ana manja awo ngati ndi a munthu wina.

NyaChirwa anali chiimire pa beseni. Anawerama n'kuzula kachidutswa kamodzi pakati pa chimpiracho. Kanali ka pakhosi popindika paja, mizere yobiriwira ndi yoyera ikuoneka bwinobwino, ngati kagulidwa dzulo. Anazula kena. Anazulanso kena.

"Ndi tanga," anatero. "Pa paki yonse palibe wina amagulitsa timeneti. Ndi tanga, adada ake Wiza."

"Si tanu tokha, amama. Mitundu ndi yambiri."

"Usanditonthoze, mwanawe. Ndikutidziwa."

A Kaunda anasamba m'manja. Anati nyamayo isadyedwe chifukwa cha mankhwala, ikwiriridwe mozama. Anatinso tholelo lifunika mkaka woyamba wachikasu uja dzuwa lisanapendeke, ndipo anatchula mlimi wina wa m'gulu amene ng'ombe yake inabereka dzana. Kupitirira apo, botolo katatu patsiku ndi malo ofunda.

"Lingathe kufa," anachenjeza. "Sabata yoyamba ndiyo yovuta."

NyaGondwe anaimirira, thole lili kumapazi ake.

"A Mhango, mwatsala opanda kanthu. Lisungeni inu. Ndikauza a gulu kuti ndavomera ndekha."

A Mhango anapukusa mutu.

"Loyamba lalikazi ndi lanu, NyaGondwe. Ndinalonjeza pamaso pa gulu ndi pamaso pa Chiuta. Ndikalisunga, Lusungu wafera chiyani?"

Anayala matumba ouma mu wilibala, nagonekamo tholelo, naliyendetsa okha mpaka kwa NyaGondwe, mvula ikuwawaza. Khola linali losesedwa monga mwa masiku onse. Atalitsitsa, linayesa kuima, linagwa, linayesanso.

"Yewo chomene, adada," anathokoza NyaGondwe m'Chitumbuka. "Likakula n'kubereka lalikazi, ndidzapempha gulu kuti dzina lanu likhale lotsatira."

"Ndi zaka zitatu zimenezo."

"Ine ndadikira zinayi, sindinafe." Anamwetulira pang'ono, kenako nkhope inakhalanso yolimba. "Koma udzu wa kupaki musadzabwere nawo kuno."

"Sindingayerekeze."

Masana a tsiku lomwelo NyaChirwa anapitabe kupaki. Sanatenge mabotolo. Anasenza beseni lija, Wiza atanyamula ndowa, ndipo anakazitula pakati pa matebulo a ogulitsa anzake, amene anali atagwirizana kuti akadandaule kwa eni paki za chikalata chija. Fungo linafika kaye. Mayi wina wogulitsa zakumwa za m'mabotolo anafunsa kuti n'chiyani chimenecho.

"Ndi ng'ombe yanga," anatero NyaChirwa. "Bwerani aliyense aone mtundu wake."

Anabwera mmodzimmodzi. Ena anatola kachidutswa n'kukabweza msanga. Kudandaula kuja sikunachitike. Lamlungu titatuluka m'tchalitchi, NyaChirwa anabwereka makapu makumi anayi a chigwirizano cha amayi, ndipo Wiza anaima kumbuyo kwa tebulo ndi mabeseni awiri, la sopo ndi la madzi otentha.

Lolemba a Mhango sanalize makina mpaka masana. Anayenda chokwawa kuyambira pa akatungwe mpaka kumpanda, akupapasa kapinga ndi zala, chidebe chili pambali. Mlonda anawafunsa ngati ataya ndolo ya akazi awo. Anamuyankha kuti munthu woyamba anaikidwa m'munda kuti ausunge, ndipo iwo anali atangodziwa kumene kuti kusungako kumafuna mawondo. Chidebe chinadzaza kawiri.

Tholelo linapyola sabata yoyamba. NyaGondwe analitcha Lusungu.

Mulungu amene amadziwa chiwerengero cha zolengedwa zake, zazikulu ndi zazing'ono, akusungeni inu ndi a m'nyumba mwanu. Adalitse ntchito ya manja anu, ndipo akutseguleni maso kuti muone zimene manjawo anyamula. Mtendere wake ukhale nanu. Ameni.