Tsiku la Chishango ku Manja

Ku Manja ukaona miyala ya m'mbali mwa msewu yapakidwa laimu, usavutike ndi kufunsa, kukubwera munthu wa boma. Sabata imeneyo anapaka mpaka zitsa. Ngalande imene inkanunkha kuyambira mvula ya chaka chatha inakumbidwa tsiku limodzi, ndipo zinyalala zake anazikokera kuseri kwa tchalitchi, kumene galimoto ya alendo sidutsa.

Chifukwa chake chinali chishango. Akuluakulu ena ku Lilongwe anaganiza zoti dera la m'tauni limene lili ndi milandu yochepa m'buku la apolisi lizilandira Chishango cha Bata, ndipo chaka chimenecho Manja inapambana. Palibe anafunsa ngati milandu inachepa m'dera kapena inangochepa m'buku. Ndipo kuti mafuta a galimoto asawonongeke kawiri, wobweretsa chishangocho anali yemweyo wotumidwa kudzayendera apolisi ndi kumva madandaulo a anthu, Mayi Ireen Mbewe. Dzanja lina kudzafufuza, dzanja lina kudzapereka mphoto. Nzeru za m'maofesi zimatero.

Anthu onse ankadikira chishango, koma Miriam ankadikira mayi wochibweretsayo.

Miriam anali telala, makina ake ankakhala pakhonde la golosale ina pafupi ndi msika. Mwamuna wake, Enock, anali mmisiri wa madenga. Miyezi itatu m'mbuyomo, Loweruka masana, Enock anali pamwamba pa nyumba ya munthu akukhoma malata. Kutsidya kwa mpanda kunali bala ya a Stewart, bambo wa ku Nyambadwe amene amagona kwa anthu olemera koma amadyera kwa osauka. Timu yawo itagoletsa, a Stewart anatuluka ndi chisangalalo, natenga m'galimoto mfuti yawo yophera nkhanga, nawombera m'mwamba. Koma m'mwamba mwa munthu amene wamwa kuyambira m'mawa simukhala m'mwamba mwenimweni. Tizipolopolo tinalowa paphewa ndi mkono wamanja wa Enock, ndipo anagubuduka padenga mpaka pansi.

Kuchipatala wovulala chotero amamufunsa kalata ya apolisi. Wapolisi amene anailemba anayang'ana magazi, anayang'ana kumene kunachokera mfuti, nalemba kuti, "Anagwa padenga." Bodza panalibe, anagwadi. Chimene chinamugwetsa ndicho cholembera chinakana kulemba. Adokotala anachotsa tizipolopolo tisanu ndi tiwiri, tiwiri tinatsalira mkati, ndipo kuyambira pamenepo mkono wa Enock sunakwerenso kupitirira pachifuwa. Mmisiri wa madenga wotero angokhala pakhonde n'kumayang'ana madenga a anzake.

Miriam anapita ku polisi kanayi. Tsiku loyamba bwana anali ku msonkhano. Lachiwiri buku linali ndi munthu wina. Lachitatu anamufunsa ngati iyeyo ndi dokotala kuti adziwe bala la mfuti. Lachinayi anamuuza mwaulemu kuti a Stewart ali ndi chiphaso cha mfutiyo, ngati kuti chiphaso chimalembedwa kuti mwini wake aziwombera amisiri. Potuluka anaona matayala anayi atsopano pagalimoto ya apolisi, ndipo Manja yonse inkadziwa amene anawagula. Khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Miriam sankafuna zambiri. Ankafuna liwu limodzi, lakuti mfuti, lilembedwe m'buku la boma pafupi ndi dzina la mwamuna wake, kuti mlandu utsegulidwe. Chiphaso cha a Stewart chinali kutha kumapeto kwa mwezi womwewo, ndipo munthu wopanda dandaulo m'buku amangomudindira china.

Choncho analemba kalata. Enock ankanena, iye ankalemba, popeza dzanja la mwamunayo silinkagwiranso cholembera bwino. Atamaliza anachita zimene munthu aliyense woleredwa bwino amachita, ndiye kuti anaiwononga yekha poipatsira munthu wina. Munthu wamkulu supita kwa iye wekha ngati mbuzi yolowa m'munda, umadzera mwa wina. Wina wakeyo anali a Aloysius Chikopa, wapampando wa komiti ya chitetezo cha m'dera, mkulu wa mpingo, wopuma ntchito ya m'ofesi, amene kwa miyezi iwiri anali atayeza kale khoma limene chishango chidzapachikidwe.

A Chikopa anawerenga kalatayo magalasi ali pansonga ya mphuno, akugwedeza mutu ngati ali pamaliro.

"Nkhaniyi ndi yomvetsa chisoni, mayi. Ine zimenezi zimandikhudza kwambiri," anatero. "Koma zinthu zili ndi pulotoko yake. Onani papulogalamu apa, nambala fotini, Mawu a Anthu. Pamenepo kalatayi ndipereka ndekha m'manja mwawo."

"Koma imveka, abambo? Mwezi ukutha."

"Mlandu suola, mayi." Anaipinda bwinobwino naiika m'thumba la mkati la jekete. "Inuyo tsikulo mudzatithandize kukhitchini ndi amayi anzanu a Mvano. Tikufuna munthu waukhondo wosambitsa alendo m'manja."

Miriam anathokoza, anagwada pang'ono, nachoka mtima utatsika. Sanazindikire kuti ku Manja munthu wodandaula amamupatsa ntchito kukhitchini.

Tsikulo anthu anauzidwa naini koloko, alendo anafika kutatsala pang'ono kuti dzuwa lifike pamutu. Tenti inali ya a Stewart, mipando inali ya a Stewart, ndipo a Stewart eni ake anakhala mzere woyamba atavala suti yotuwa, akununkhira ngati shopu ya ku Limbe. Chimkuzamawu anachikweza pamtengo wa magetsi kuti ngakhale wodwala amve ulemerero wa dera lake.

Pemphero lokha linatenga nthawi yophikira mpunga. Kenako a Chikopa anayamba kutchula alendo mmodzimmodzi, aliyense ndi maudindo ake onse, ndipo aliyense wotchulidwa ankaimirira, kukweza dzanja, n'kudikira kuti m'manja muwombedwe. Ana a sukulu anaimba. Apolisi anachita sewero la wakuba amene anagwidwa m'mphindi zitatu, anthu anaseka mpaka misozi, ena chifukwa cha sewerolo, ena chifukwa cha mphindi zitatuzo. Kenako zolankhula. Aliyense ankayamba ndi kunena kuti sachulutsa gaga m'diwa, n'kuchulutsa.

Miriam anali kuseri kwa tenti akutsuka mbale, khutu lili ku chimkuzamawu, akuwerenga manambala. Atafika pa naini, anaona dalaivala wa alendo akunong'oneza a Chikopa, akuloza wotchi. Posakhalitsa mawu anamveka.

"Chifukwa cha nthawi, alendo athu ali ndi ulendo wautali, tidumpha pang'ono. Tilandira kaye chakudya, kenako chishango, kenako pemphero lotsekera."

Mbale inatsala pang'ono kumupulumuka. Nambala fotini inali itafa isanabadwe, ndipo kalata yake inali kutenthedwa ndi thukuta m'jekete. Anakwiya, komanso anachita manyazi ndi kupusa kwake.

"Miriam, madzi," anatero mayi wina, akumupatsa jagi ndi beseni.

Tsono apa ndi pamene Mulungu anamutsegulira khomo, pakuti ntchito imene anamupatsa kuti imutsekere kukhitchini ndiyo inamufikitsa pamaso pa mlendo. Anagwada patsogolo pa Mayi Mbewe, beseni pansi, jagi m'mwamba. Pafupi anaona kuti mayiyo anali atavula nsapato pansi pa tebulo. Anali munthu wotopa, wa maso ofatsa, osati woipa ayi.

"Zikomo, mayi. Dzina ndani?" anafunsa Mayi Mbewe akutikita sopo.

"Miriam, akazi a Enock."

"Mayi Miriam, ine ananditumiza kudzamva anthu, koma chifikireni ndikungomva masipichi." Anatsitsa mawu pang'ono. "Tandiuzani inuyo. Apolisi akukusungani bwanji kuno? Palibe vuto?"

Kumanzere kwa mlendo kunali mkulu wa apolisi. Kumanja kunali a Chikopa, amene anasiya kupuma. Pampando wachitatu a Stewart anali atatambasula kale manja kudikira madzi. Koma musaganize kuti ndi mantha okha amene anamugwira Miriam. Mawu anali okonzeka pakamwa, anali atawanena mumtima miyezi itatu. Chimene chinamugwira chinali chakale kuposa a Stewart ndi mfuti yawo. Bambo ake, mwana wa Mlomwe amene anabwera wapansi kuchokera ku Mozambique, analera ana awo ndi malamulo ochepa, ndipo lalikulu linali lakuti mlendo sumupatsa nkhani yoipa asanadye. Amayamba wasamba, wadya, wapuma, ndiye malonje. Ngakhale uthenga wa maliro umadikira mbale ichoke. Ndipo apa mayi wachokera ku Lilongwe m'mamawa, sopo ali m'manja, nkhuku ikuzizira patsogolo pake, iye ayambe za magazi ndi tizipolopolo?

Madzi amabwera kawiri, anadziuza. Akadya ndibweranso ndi beseni lomweli, ndipo ndinena zonse.

"Tili bwino, mayi," anatero. "Zikomo."

Mayi Mbewe anamuyang'ana kanthawi, ngati akumupatsa mpata wina, kenako anamwetulira napukuta manja. A Chikopa anapuma. Miriam anasuntha ndi mawondo, nasambitsa mkulu wa apolisi, nasambitsa a Chikopa, nathira madzi ofunda pa manja amene anapundula mwamuna wake. A Stewart sanamuyang'ane n'komwe. Mwina sankamudziwa.

Anaima pakona pa tenti ndi madzi atsopano, maso ali pa mbale ya mlendo. Sanaonepo munthu akudya pang'onopang'ono chotero. Mumtima ankakonza poyambira: dzina, tsiku, denga, mfuti. Mayi Mbewe atasiya fupa lomaliza, Miriam ananyamuka. Anali atayenda masitepe atatu pamene mlendoyo anatsegula chikwama chake, natulutsa timapepala tonyowa ta m'paketi, napukuta zala chimodzichimodzi. Anamuona Miriam akubwera, namukwezera dzanja mwachifundo kuti asavutike. Nthawi yomweyo a Chikopa anali pa maikolofoni kuitana mlendo wolemekezeka, ndipo Miriam anatsala pakati pa bwalo ndi jagi lodzaza.

Mayi Mbewe analankhula mwachidule, munthu yekhayo amene anatero tsiku lonselo.

"Manambala a m'buku ndawaona," anatero, "koma ine sindikhulupirira manambala okha. N'chifukwa chake ndafunsa ndekha munthu wamba, osati wa komiti, osati wa yunifolomu. Mayi Miriam, akazi a Enock, ali kuti? Ndawafunsa ngati pali vuto ndi apolisi kuno, andiyankha ndi pakamwa pawo kuti tili bwino. Mawu amenewo ndikawalemba mu lipoti langa momwe awanenera."

Nthungululu zinang'amba tenti. Amayi a Mvano anamukankhira kutsogolo kuti aonekere, wina anamulanda jagi, wina anamukweza dzanja. A Stewart anawomba m'manja kuposa onse. Chishango chinaperekedwa, chinali chathabwa ndi kachitsulo konyezimira pakati, chaching'ono kuposa thireyi. A Chikopa anachikumbatira ngati mwana wobadwa paukalamba, ndipo wojambula atawauza kuti achikweze, anachikweza mpaka jekete inang'ambika kukhwapa. Pemphero lotsekera lisanathe bwino, galimoto ya alendo inali itadutsa kale miyala ya laimu ija.

Miriam sanakafunse za kalata. Anatsuka mbale zonse mpaka yomaliza, popeza ndi zimene anapatsidwa, kenako anavula duku la Mvano nayamba ulendo wa kunyumba dzuwa likadali pamwamba pa phiri la Soche. Njira yonse anthu ankamupatsa moni wachilendo. "Mwatiimirira bwino, mayi." Wogulitsa tomato wina anamuwonjezera awiri. Miriam akanakonda atamutukwana.

Enock anali pakhonde, pampando wake wa masiku onse, mkono wamanja uli pamwendo. Miriam anaima patsogolo pake osadziwa poyambira.

"Usavutike, ndamva," anatero Enock. "Chimkuzamawu chimafika mpaka kuno. Dzina langa alitchula bwino."

"Anandifunsa asanadye, bambo ake Tionge. Sopo ali m'manja. Ndimati ndidikire adye kaye, ndinene pamadzi achiwiri."

Anadikira kuti amukalipire. Ankafuna amukalipire, amutche chitsiru, aponye kapu. Koma Enock anangoyang'ana kumsewu nthawi yaitali, akuganiza moona mtima, monga ankachitira poyeza denga.

"Asanadye?"

"Asanadye."

"Ndiye ukanatani," anatero pang'onopang'ono. "Ndikanakhala ine, ndikanayankha zomwezo."

Ndipo chimene chinamupweteka Miriam kuposa chitonzo chilichonse n'chakuti ankanena zoona. Anakhala pansi pakhondepo nalira, osati mokweza, kuopa kuti oyandikana nawo angamve tsiku la chisangalalo. Enock anamusiya alire mpaka atatha. Kenako anamupempha kuti amukwezere mkono, avule shati, kunali kutatentha.