Kadontho Kofiira pa Chimbale cha Amayi

Kutatsala masiku atatu kuti avundukule chiliza cha mayi ake, Estele anaika chimbale mu wailesi kuti amve ngati chili bwino. Munali mawu a malemuwo. Zaka zisanu m'mbuyomo, akudwala, anakhala pakhonde ku Limbuli n'kutchula m'Chilomwe mayina a makolo awo ochokera kutsidya kwa malire, kuseri kwa Milanje, mmodzimmodzi. Abale anagwirizana kuti pamwambowo adzukulu adzamve okha. Koma wailesi inangokhosomola kawiri, basi zii.

Estele anathamangira kwa mchimwene wake Gabriel, wobena nyimbo pa zimbale pamsika, yemwe anajambula mawuwo.

"Achimwene, chimbale cha amayi chakana."

"Vuto lanu achemwali, kusunga zinthu simutha," anatero Gabriel, maso ali pakompyuta. "Chimbale ndi chimbale, zonse n'zimodzi. Mwachikanda nokha."

"Nanga m'kompyutamo simunasunge?"

"Ndinafufuta kalekale, malo anachepa."

Estele anachoka mtima ukuwawa, akudziimba mlandu. Komatu chimbalecho anakagula yekha ku Limbe, chabwino, cha m'kabokosi kakekake. Anachidonthezera kyutekisi wofiira wopaka zikhadabo pafupi ndi bowo kuti chisasokonezeke, asanachipereke kwa Gabriel. Pobwera nacho, Gabriel anali atamatapo chithunzi cha amayi pamwamba ponse, ndipo Estele anamuthokoza mpaka misozi.

M'mawa mwake anapita nacho chimbale chija kwa mayi Millie, mphunzitsi wa makompyuta kusekondale. Iwo anachiyesa m'makina awiri, chinakana. Kenako anachiloza kuwindo.

"Taonani, mayi. Kunsiku kulibe pokandika ngakhale pamodzi, inu munasunga bwino. Koma m'mphepetemu kuwala kukudutsa ngati denga la malata akale. Siliva amene amasunga mawu wayamba kusupuka. Izi ndi zija amagulitsa pamulu, zopanda dzina la kampani, zopyapyala. Ndi chinyontho chathu cha kuno ku Mulanje sizichedwa kufa. Guluu wa chithunziyu wangowonjezera."

"Koma aphunzitsi, ine ndinagula chabwino."

"Chabwino sichitere. Dikirani muone kusiyana kwake."

Anatsegula dirowa n'kutulutsa chimbale china. "Ichi ndinagula kwa achimwene anu omwewo zaka zisanu zapitazo, cha nyimbo zapaukwati. Anandiuza kuti n'chapadera, cha ku Limbe. Chigwireni, n'cholimba. Pamwamba pali dzina la opanga, m'mphepete mosalala, kuwala sikudutsa."

Anachiika m'makina ndipo ng'oma zinalira bwinobwino ngati zabenedwa dzulo. Atachitulutsa, Estele anachilandira. Pafupi ndi bowo panali kadontho kofiira ka kyutekisi.

Chinali chimbale chake cha ku Limbe chija. Mlendo akakubera umadandaula n'kuiwala, koma uyu anali wobadwa naye bere limodzi, ndipo anamulola kugona usiku wonse akudzida.

"Mawu a amayi angabwerere?" anafunsa Estele.

"Pamene siliva wachoka, palibe chotsala," anayankha mayi Millie mwachifundo. "Chinthu chofunika musamachidalire pa chimbale chimodzi, ngakhale chabwino. China chizikhala pa fulashi, china mufoni ya mbale wina, ndipo chaka ndi chaka muziyesa."

Estele anabwereka chimbalecho n'kupita kumsika. Anaika zonse ziwiri patebulo la Gabriel, kadontho kali pamwamba.

"Achimwene, zonse n'zimodzi, eti? Amayi munawaika pa chiti?"

Gabriel anayang'ana kadonthoko, n'kuyamba kupukuta fumbi pa kompyuta yoyera kale.

Loweruka, nsalu itachotsedwa pachiliza, amalume anapempha kuti chimbale chilire. Gabriel anazyolika. Estele anaimirira kuti atchule yekha mayina a makolo aja. Anatchula atatu. Lachinayi linamuthawa, ndipo panalibenso womufunsa.

Phunziro: Zimbale zimafanana kung'anima, osati kulimba. Sankhani chodziwika opanga ake, muone ndi maso anu kuti ndi chomwecho chimene abenerapo, ndipo mawu amene simudzawamvanso muwasunge malo angapo.